Kuchoka pa thangata kufika pa lendi: wokhala pa malo a eni amamuimira ndani?

Mawu akuti thangata poyamba analibe choipa chilichonse. Kuthangata n'kuthandiza. Mnzako akamamanga nyumba kapena akatsalira pa kupalira, umanyamula khasu lako n'kukamuthangata, madzulo n'kumwera limodzi thobwa. Koma funsani munthu wachikulire wa ku Thyolo, ku Mulanje kapena ku Chiradzulu tanthauzo la mawuwa, muone mmene nkhope yake isinthire. Kwa iye thangata ndi ntchito imene makolo ake ankagwira pa esiteti ya mzungu polipirira malo amene anamangapo nyumba ndi kulimapo chimanga. M'kalankhulidwe ka lero tingoti inali lendi, koma lendi yolipira ndi thukuta. N'chifukwa chake ine ndimaona kuti mbiri ya alandilodi ndi anthu ochita lendi m'dziko muno iyenera kuyambira pamenepo, osati pa nyumba za Malawi Housing Corporation kapena zipinda za ku Chikanda zimene ophunzira ambiri timazidziwa bwino.

Kwathu ndi ku Lungwena, tsidya la kum'mawa kwa nyanja, pa msewu wochokera pa boma la Mangochi kulowera kwa Makanjira. Kumeneko mikangano ya lendi ndi yaing'ono m'maso mwa munthu wa mu tauni: miyezi itatu yosalipira, denga lodontha, mwininyumba wofuna nyumba yake mwadzidzidzi chifukwa mwana wake akubwera kuchokera ku Joni. Koma ndikamawerenga mbiri ya malo m'dziko lathu, funso limene limandibwerera ndi lomwelo limene anthu a ku Lungwena amalimbana nalo. Lamulo likhoza kukhalapo, lolembedwa bwino ndithu, koma tsiku la mkangano, wokhala pa malo a eni amathamangira kwa yani, ndipo amene amuimire ndi ndani?

Tiyambire mu 1891, pamene Harry Johnston anakhala mkulu woyamba wa boma la atsamunda kuno. Anapeza azungu ndi makampani angapo akunena kuti anagula kale malo kwa mafumu, ena ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Kuyambira mu 1892 Johnston anayamba kupereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim zovomereza umwini umenewu. Malo onse amene analowa m'zikalatazi anakwana maekala pafupifupi 3.7 miliyoni. Gawo lalikulu linali kumpoto, m'manja mwa British South Africa Company, koma kumene zinawawa kwambiri ndi ku mapiri a Blantyre, Zomba, Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje, kumene nthaka yabwino yambiri inapita kwa azungu ochepa. Zikalata zambiri zinali ndi ndime yonena kuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe popanda chilolezo cha boma. Pa pepala, ndimeyi inali chitetezo chachikulu. Vuto linali lakuti palibe anakhala pansi kulemba mayina a midziyo kapena kuyeza mindayo. Ndipo anthu a nthawi imeneyo ankasamutsa minda nthaka ikaguga. Banja likangosiya munda wakale n'kutsegula wina chapafupi, mwini esiteti ankati tsopano ndi alendo pa malo ake, ayenera kulipira.

Mu 1903 nkhani imeneyi inafika ku High Court ku Blantyre, pa mlandu umene ndimaona kuti aliyense wophunzira mbiri kapena malamulo ayenera kuudziwa. Kampani ya Blantyre and East Africa inali itapangana ndi anyakwawa a pa malo ake kuti anthu awo asiye chitetezo cha ndime ija, akhale ngati matenanti, ndipo azigwirira kampaniyo ntchito miyezi iwiri pa chaka m'nyengo ya dzinja, nthawi yomwe munthu amafunika m'munda mwake. Woweruza, Joseph Nunan, anakana mgwirizanowo. Anati unali wopendekera mbali imodzi, ndipo anthu amene analipo pa malowo kuyambira kale anali otetezedwa ndi ndime ija.

Chimene chimandikopa pa mlanduwu si chigamulo chokha ayi, koma dzina la wodandaula. Mlanduwu umatchedwa Supervisor of Native Affairs v. Blantyre and East Africa. Amene anakasuma sanali mlimi wa m'mudzimo kapena nyakwawa wake. Anali mkulu wa boma lomwelo la atsamunda, woyang'anira nkhani za anthu akuda. Tinganene kuti limeneli ndi limodzi mwa mathandizo oyambirira a zamalamulo amene tenanti wa m'dziko muno analandira, ndipo linabwera kuchokera kumwamba, mwa kufuna kwa ena. Anthu a m'midzi ija anapambana mlandu umene sanautsegule okha. Ndipo thandizo lotere limatha tsiku limene wolipereka watembenukira kwina. Chaka chotsatira, mu 1904, boma linakonza lamulo lopatulira anthu malo okhala pa maesiteti, koma eni maesiteti analitsutsa ndipo silinagwire ntchito. Chigamulo cha Nunan chinatsala m'mabuku, thangata n'kumapitirira m'minda.

Panalinso anthu amene chigamulocho sichinawakhudze n'komwe. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alomwe ambiri ankalowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique, kuthawa nkhanza za Apwitikizi ndi njala. Amenewa analibe mudzi wakale woti aloze. Mwini esiteti ankawalandira ndi manja awiri chifukwa sakanakana chilichonse. Ku Magomero, pa malo a A. L. Bruce Estates a maekala pafupifupi 169,000, mwezi umodzi wa ntchito unali wa lendi, wina wa msonkho wa nyumba, ndipo mweziwo unkatalika malinga ndi cholembera cha kapitawo: tsiku limene sunamalize ndime yako silinkawerengedwa. Woyang'anira malowo, William Jervis Livingstone, ankatenthanso matchalitchi amene anthu a John Chilembwe ankamanga pa esitetiyo. Pa 23 Januwale 1915 Livingstone anaphedwa m'nyumba mwake, ndipo Chilembwe naye anaphedwa kumayambiriro kwa Febuluwale. Timakumbukira Chilembwe pa 15 Januwale chaka chilichonse ngati womenyera ufulu wa dziko, ndipo n'zoona. Koma anthu ambiri amene anapita ku Magomero usiku umenewo anali ndi mkangano ndi landilodi wawo, ndipo analibe bwalo loti akautule.

Boma litachita mantha, mu 1917 linakhazikitsa lamulo lakuti lendi izilipiridwa ndi ndalama, osati ndi ntchito. Eni maesiteti sankafuna masheleni a anthu osauka, ankafuna manja olima fodya, thonje ndi tiyi. Anaopseza kuthamangitsa matenanti, ndipo lamulolo linafera m'mazira. Kenako kunabwera lamulo la 1928, Natives on Private Estates Ordinance, limene ndikufuna tiliyang'ane pang'onopang'ono. Linalola kuti lendi ilipiridwe ndi ndalama, ndi mbewu kapena ndi ntchito. Linafafaniza kusiyana kwa eni nthaka akale ndi obwera, kutanthauza kuti chitetezo chimene Nunan anavomereza chinathera pomwepo. Linapatsa mwini esiteti mphamvu yochotsa tenanti mmodzi mwa khumi aliyense pakatha zaka zisanu zilizonse popanda kupereka chifukwa. Mwana wamwamuna wa tenanti akakwanitsa zaka 16 akanatha kuuzidwa kuti achoke. Ndipo mwini malo akanatha kukaniza mwamuna wa mwana wamkazi wa tenanti kumanga pa esitetiyo.

Ndime yomalizayi munthu wa ku London akanaiona ngati yaing'ono. Kwa Amang'anja, Alomwe ndi Ayao inali nkhwangwa pa tsinde la mudzi. Kwathu mwamuna ndiye amapita kukamanga kwa mkazi, ndipo mudzi umakula kudzera mwa ana aakazi ndi akamwini awo. Kuuza mayi kuti mkamwini wake sangamange pambali pake ndiko kumuuza kuti mbumba yake ibalalike, adzakalambe yekha. Landilodi analowerera mpaka pa ukwati. Ndikamva lero alandilodi ena a mu tauni akuuza wochita lendi kuti asalandire alendo ogona, kapena kuti nyumba yawo salola a ana ambiri, ndimakumbukira 1928, ngakhale kukula kwa zinthuzi n'kosiyana kwambiri.

Nanga tenanti wolakwiridwa akanapita kuti? Kwa bwana DC, amene anali wokhometsa msonkho, woyang'anira boma komanso woweruza milandu nthawi imodzi, ndipo madzulo ankacheza ku kalabu imodzi ndi mwini esiteti. Mu 1933 boma linavomereza mabwalo a mafumu, koma mabwalowa analibe mphamvu pa mzungu. Loya wakuda kunalibe. Woyamba, Orton Chirwa, anamaliza maphunziro ake a zamalamulo ku London mu 1958, patadutsa zaka 67 chiyambire ulamuliro wa atsamunda. Choncho mikangano ya lendi inkathera m'njira zina: kukana kusamuka, kuthawa usiku, kapena chipolowe. Mu 1946 Sidney Abrahams anafufuza za malo n'kulangiza kuti boma ligule malo a maesiteti amene sankalimidwa, ndipo kugulako kunayamba koma mwapang'onopang'ono. Mu Ogasiti 1953 ku Thyolo kunabuka zipolowe zimene zinasakaniza mkwiyo wa thangata ndi kukana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo anthu 11 anafa. Thangata anathetsedwa ndi lamulo mu 1962, chipani cha Malawi Congress chitapambana chisankho cha 1961. Sanathe chifukwa cha mlandu wa m'khoti. Anatha chifukwa ndale zinasintha.

Tsidya lathu la nyanja linayenda njira ina. Atsamunda anafika kuno ndi nkhondo yolimbana ndi Makanjira, imene inatisiyira dzina la Fort Maguire, koma maesiteti akuluakulu ngati a ku Thyolo sanamere m'mphepete mwa nyanja muno. Malo ambiri anakhalabe m'manja mwa mafumu, ndipo kuyambira mu 1936 ankatchedwa Native Trust Land. Mlendo akafika ankapita kwa amfumu, n'kupatsidwa pomanga. Chimene ankabweza chinali ulemu, kupezeka pa maliro, mwina nsomba pang'ono. Lendi ya ndalama inabwera pambuyo, ndi zinthu zitatu: asodzi ndi ogula usipa ochokera kutali amene amafuna pogona pa nyengo ya nsomba, antchito a boma monga aphunzitsi ndi azaumoyo amene nyumba za pa sukulu ndi pa chipatala siziwakwanira, komanso ndalama za ku Joni. Ulendo wa ku South Africa ndi wakale kuno, kuyambira nthawi ya Wenela, imene Kamuzu anaimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ambiri ochokera ku migodi. Kuyambira 1994 anyamata amangopita okha, ndipo chizindikiro choti zayenda ndi nyumba ya njerwa zootcha ndi malata. Mwini wake ali ku Johannesburg kapena ku Durban, nyumba ili pa lendi, wotolera ndalama ndi mkazi wake, mayi ake kapena mlongo wake.

Pali kachinthu kena kolumikiza mbiri ziwirizi. Pakati pa 2004 ndi 2011, pulojekiti ya Kudzigulira Malo inasamutsa mabanja oposa 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, kupita makamaka ku Mangochi ndi ku Machinga. Zidzukulu za anthu a thangata zinadzapeza malo awoawo m'boma lathu, patadutsa zaka zoposa 40 chithetsedwereni thangata.

Titalandira ufulu, mu 1964 dziko linakhala ndi lamulo la Legal Aid, lokhazikitsa nthambi ya boma yothandiza osauka pa milandu. Nthambiyi inali pansi pa unduna wa zachilungamo, ndi maloya ochepa okhala m'mizinda. Kwa munthu wa kumudzi khoti lenileni linali bwalo la m'dera, limene Orton Chirwa anakonzanso mu 1962. Mu 1969, pambuyo pa kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, mabwalowa anasandutsidwa Traditional Courts, kenako ena n'kupatsidwa mphamvu yozenga milandu yakupha, ndipo pambuyo pake youkira boma, ndipo maloya sankaloledwamo. Orton Chirwa yemweyo, loya woyamba wa dziko lino, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983 m'bwalo lotere, iye ndi mkazi wake Vera opanda loya wowaimira. Anamwalira m'ndende ya Zomba mu 1992. Kuno kwathu nthawi imeneyo ili ndi zipsera zake. Henry Masauko Chipembere anayambitsa kuukira kwake kwa Febuluwale 1965 kuchokera tsidya lino, cha ku Malindi, ndipo mu 1971 anthu mazanamazana a m'mudzi wa Moto anachotsedwa m'nyumba zawo n'kukatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Pamene boma lenilenilo likuchotsa anthu m'nyumba zawo popanda khoti, nzika zimaphunzira kuti wamphamvu safunsa.

Mabwalo a Traditional Courts anathetsedwa pamene tinkalowa m'ndale za zipani zambiri, ndipo palibe munthu wanzeru angalire mabwalo amene ankanyongetsa anthu. Koma a m'munsi mwake, amene ankamva za ngongole, mbuzi zodya chimanga ndi malire a minda, anali pafupi ndi anthu, otsika mtengo, oyankhula chinenero chawo. Atachoka anasiya mpata umene makhoti a majisitireti sanaudzaze. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lobwezeretsa makhoti a m'madera, Local Courts Act, koma makhotiwo sitinawaone akutsegulidwa. Mkangano wa lendi ya K20,000 umagwera mu mpata umenewu.

Ndiye lamulo limene limayendetsa lendi ya nyumba ndi liti? Apa mbiri imaseketsa pang'ono. Mu 1902 Britain inalamula kuti makhoti a kuno azitsata malamulo amene ankagwira ntchito ku England pa 11 Ogasiti chaka chimenecho, ndipo mbali yaikulu ya malamulo athu a landilodi ndi tenanti inachokera kumeneko. Umodzi mwa miyambo imene tinatengera ndi ufulu wa landilodi wogwira katundu wa munthu amene sakulipira lendi, umene m'Chingerezi amati distress for rent. M'mizinda ntchitoyi amagwira ndi masherifu. Ngakhale ku England kwakaleko ufuluwu unali ndi malire: sunkagwira katundu usiku, sunkathyola chitseko chakunja, ndipo zovala, zofunda ndi zida zogwirira ntchito za mtengo wochepa zinkasiyidwa. A ku England eni ake anauthetsa mu Epulo 2014 pa nyumba zogonamo. Mu 1977 anali atakhazikitsa kale lamulo lopangitsa kuthamangitsa tenanti mwa nkhanza kukhala mlandu. Ife tinasunga chikwanje chawo chakale, iwo atachitaya. Lamulo lathu la Registered Land Act la 1967 lili ndi ndime zothandiza, monga yakuti lendi ya mwezi ndi mwezi imathetsedwa ndi notisi yosachepera mwezi, koma limakhudza malo olembetsedwa m'kaundula wa boma. Nyumba zambiri za ku Lungwena zili pa malo a mafumu, ndipo mgwirizano wake ndi wapakamwa.

Chaka china ndili pa holide ndinaona mmene zimathera. Mphunzitsi wina wongoyamba kumene ntchito anakhala miyezi ingapo malipiro asanayambe kubwera. Mwininyumba, mayi amene mwamuna wake anali ku Joni ndipo anali atasiya kutumiza ndalama, anadikira miyezi itatu, wachinayi anabwera ndi mchimwene wake n'kuzula chitseko. Unali mwezi wa Juni, mwera ukuomba kuchokera ku nyanja. Mphunzitsiyo anagona masiku awiri atatchinga pakhomo ndi mphasa, kenako nkhani inapita kwa amfumu. Amfumu anafunsa mayiyo kuti, "Kodi mayi, inu mukanakhala mlendo m'mudzi mwa eni, akuzulirani chitseko, mukanamva bwanji?" Kenako anatembenukira kwa mphunzitsi: "Nanga inu aphunzitsi, ana a mayiwa adye chiyani?" Anagamula kuti chitseko chibwerere tsiku lomwelo, ndipo ngongole ilipidwe pang'onopang'ono malipiro akayamba, ahedi akhale mboni. Palibe anatchula lamulo lililonse.

Ndinganame nditati chigamulocho chinali choipa. Chinali chachangu, chaulere, ndipo onse awiri anapitiriza kupatsana moni. Komanso nkhaniyi imandikumbutsa kuti landilodi wa ku Lungwena si A. L. Bruce. Nthawi zambiri ndi mayi wamasiye kapena gogo amene kachipinda ka lendi ndiye penshoni yake. Asodzi ena amachoka usiku nyengo ya usipa ikatha, kusiya miyezi iwiri yosalipira, ndipo mwininyumba alibe koti akawapeze. Nayenso amasowa womuimira, ndipo kuzula chitseko ndi njira ya munthu amene sakhulupirira kuti pali khoti lingamuthandize. Koma bwalo la amfumu lili ndi malire ake. Mwininyumba ndi mwana wa m'mudzimo, mwina m'bale wa amfumu amene. Wochita lendi ndi wobwera. Mphunzitsi uja anamveredwa chifukwa ndi mphunzitsi ndipo ahedi anamuperekeza. Mtsikana wogulitsa mandasi wochokera boma lina, kapena mlovi wopanda m'bale aliyense pa dooko, sindikhulupirira kuti akanapeza khutu lofanana. Mu 1903 kusiyana kunali pakati pa eni nthaka akale ndi Alomwe obwera. Lero mzere womwewo ulipobe, wangosamukira pa bwalo la mudzi.

Amene sakhutira ndi amfumu kapena akuluakulu a ku mzikiti ndi ku tchalitchi, njira zake zilipo koma zonse zimadya ndalama. Apolisi, makamaka a Victim Support Unit, amayesa kuyanjanitsa, ngakhale ngongole ya lendi si mlandu waupandu. Kukasuma kwa majisitireti sikulira loya, koma kumalira thiransipoti, ndalama ya chisamani ndi masiku angapo osagwira ntchito. Kuchoka ku Lungwena kukafika pa boma, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Mlandu ukaimitsidwa kawiri katatu, ndalama ya ulendo yaposa imene mukukanganirana. Legal Aid Bureau, imene inayamba kugwira ntchito mu 2015 ngati bungwe loima palokha m'malo mwa nthambi yakale ija, imathandiza pa milandu yaupandu ndi ya pakati pa anthu yomwe, itaona kaye kuti munthuyo ndi wosowadi ndiponso kuti mlandu wake uli ndi mutu. Ophunzira anzanga ambiri sadziwa n'komwe kuti angapiteko pa nkhani ya dipoziti yobedwa kapena katundu wotsekeredwa. Koma loya amene ali ndi mafayilo a anthu okhala pa limandi zaka zambiri pa milandu yakupha, n'zomveka kuti chitseko cha mphunzitsi chidzakhala pansi pa mulu.

Dziko lathu lili ndi mbiri yabwino pa nkhani ya ma paralegal, anthu ophunzira malamulo koma osafika pa uloya. Ntchito ya Paralegal Advisory Service inayamba kuno mu 2000 m'ndende, ndipo mayiko ena anadzatengera. Mu Novembala 2004 nthumwi za mayiko a mu Africa zinakumana ku Lilongwe n'kugwirizana mfundo za thandizo la zamalamulo zimene mpaka lero zimadziwika ndi dzina la mzindawu, ngakhale zinali zokhudza milandu yaupandu. Mu 2021 Legal Aid Bureau inapempha kuti ma paralegal ake aziloledwa kuimira anthu m'makhoti aang'ono, ndipo bungwe la maloya la Malawi Law Society linatsutsa, ponena kuti osauka nawonso ayenera thandizo la akatswiri enieni. Mfundo yawo ndimaimva. Koma kwa munthu wa ku Lungwena kusankha sikuli pakati pa loya ndi paralegal. Kuli pakati pa paralegal ndi kuima yekha. Anzanga a zamalamulo amene mukuwerenga, ndani mwa inu akufuna kudzatsegula ofesi kwa Makanjira?

Chondidabwitsa n'chakuti abale athu ambiri amachita lendi m'dziko limene linayesa kuyankha funso limeneli. Malamulo aakulu a South Africa amanena kuti munthu sangachotsedwe m'nyumba popanda chigamulo cha khoti, ndipo lamulo la 1998 linafotokoza ndondomeko yake. Lamulo lina la 1999, Rental Housing Act, linatsegula njira yokhazikitsira mabwalo apadera a nkhani za lendi m'zigawo za dzikolo. Kudandaula kumeneko n'kwaulere, loya safunika, landilodi ndi tenanti onse akhoza kupitako, ndipo chigamulo chake chili ndi mphamvu ngati cha majisitireti. Tenanti akapempha mgwirizano wolembedwa, landilodi ayenera kuupereka. Sikuti zonse zili bwino kumeneko. Mnyamata wa ku Mangochi wokhala m'kachisakasa kuseri kwa nyumba ya munthu, mapepala ake atatha, sangayerekeze kukaonekera ku ofesi ya boma, ndiye naye amangonyamula chikwama usiku ngati Mlomwe wa pa Magomero. Komabe bwalolo lilipo. Malamulo aakulu a dziko lathu a 1994 amapatsa aliyense ufulu wofika ku khoti ndi kulandira thandizo logwira mtima m'gawo 41, ndipo amatchula pogona m'gawo 30 lonena za chitukuko, koma bwalo lapadera la lendi tilibe.

Chimene chasintha posachedwa ndi mbali ya malo. Customary Land Act ya 2016, imene inayamba kugwira ntchito mu 2018, inakonza zoti kukhale makomiti a malo m'midzi ndi mabwalo omva mikangano ya malo kuyambira kwa mfumu yaikulu kufika pa boma. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inaletsanso utenanti wa m'maesiteti a fodya, mdzukulu wa thangata amene anakhalapo zaka pafupifupi 60 agogo ake atamwalira. Koma mabwalo a malo aja ntchito yawo ndi umwini ndi malire, osati chitseko chozulidwa kapena dipoziti. Ine ndikanakonda kuti mphamvu yomva nkhani za lendi ipatsidwe ku bwalo lapafupi chotere, lokhala ndi paralegal mmodzi wolipidwa ndi boma amene si m'bale wa aliyense m'mudzimo, ndipo lizikumana pa tsiku la msika.

Pakadali pano chida chimene wochita lendi ali nacho ndi pepala. Tsamba limodzi la m'kope lokhala ndi mayina, ndalama ya pa mwezi, tsiku lolipira, kutalika kwa notisi, amene akonze denga likadontha, ndi mboni ziwiri. Uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba ndi lisiti, osaufufuta. Amfumu, apolisi, majisitireti ndi a Legal Aid onse amayamba ndi funso limodzi, lakuti munapangana zotani, ndipo popanda pepala amene amakhulupiriridwa ndi wodziwika kwambiri pa malopo. Ndikudziwa kuti kupempha gogo wa kumudzi kuti asayine kumaoneka ngati kumuyesa wakuba, ndipo ena amakwiya nazo. Njira imene ndaona ikugwira ntchito ndi kuwauza kuti pepalalo ndi loteteza iwo, tsiku limene inu mudzachedwe kulipira, ndipo limodzi lisungidwe kwa amfumu. Anyakwawa a mu 1903 nawonso anali ndi pepala, lolembedwa ndi kampani m'chinenero chimene sankawerenga, choncho lanu lilembedwe m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndipo liwerengedwe mokweza onse akumva asanadinde chala.